Mbiri ya membala wa bodi ya sukulu ku America: tiziiwerenga bwanji?

Mukamatsatira nkhani za ku America mwina munakumanapo ndi kambiri kakafupi ka munthu wina yemwe dzina lake simunalimvepo, kongonena kuti uyu ndi membala wa bodi ya sukulu ya dera lakutilakuti, analowa chaka chakuti, anawinanso popanda opikisana naye, nthawi yake ikutha chaka chakuti, basi kathera pomwepo. Ndiye umadzifunsa kuti kodi ameneyu ndi mphunzitsi, ndi wandale, kapena ndi kholo chabe lomwe lili ndi nthawi yambiri? Nanga bwanji pa mavidiyo timaona makolo akukalipa pamsonkhano mpaka apolisi kuwatulutsa, pomwe mpandowo malo ambiri salandirapo ngakhale senti? Tambiri timeneti sitinama ayi, kungoti timanena zochepa kwambiri, ndipo ukapanda kudziwa malamulo omwe ali pansi pake umatha kuona chimphona pamene pali munthu yemwe anangoyenda mwayi, kapena kuona wolephera pamene pali munthu yemwe anagwira ntchito yovuta.

Bodi ya sukulu n'chiyani kwenikweni

Choyamba tichotse chisokonezo ichi: bodi imeneyi si komiti ya makolo pasukulu imodzi. Ndi kaboma kakang'ono koyang'anira masukulu onse aboma a m'dera limodzi lomwe amati district. Ma district amenewa alipo pafupifupi 13,000 ndipo mamembala a mabodi onse pamodzi ndi cha m'ma 90,000, kutanthauza kuti pa anthu osankhidwa ndi mavoti ku America, gulu ili ndi limodzi mwa magulu aakulu zedi. Bodi imodzi nthawi zambiri imakhala ndi anthu 5, 7 kapena 9, nambala yosagawika pawiri kuti mavoti asamafanane, ndipo nthawi yokhala pampando imakhala zaka 3 kapena 4.

Chifukwa chake zinthu zili chonchi n'chakuti malamulo aakulu a dziko la America satchula za maphunziro olo pamodzi, ndiye nkhaniyi inatsalira ma state, zigawo zija zomwe zimapanga dzikolo, chilichonse ndi boma lakelake, ma state nawo anapatsira mphamvu zambiri kumadera. Mizu yake ili ku Massachusetts. Mu 1647 kunakhazikitsidwa lamulo loti tawuni iliyonse ya mabanja 50 ilembe mphunzitsi, ya mabanja 100 ikhale ndi sukulu yokulirapo. Poyamba akuluakulu a tawuni ndi omwe ankayang'anira, koma ntchito itachuluka, mu 1826 state yomweyo inalamula kuti pakhale makomiti apadera a sukulu. Madera ena anatengera. M'zaka za m'ma 1930 ma district analipo oposa 120,000, ambiri a kasukulu kamodzi ka chipinda chimodzi, kenako anawaphatikizaphatikiza mpaka kufika pa nambala ya lero. Hawaii yokha ndi yachilendo, state yonse ndi district imodzi.

Ndipo dzina la bodi limeneli mwina munalimvapo osadziwa. Mlandu wotchuka wa 1954 womwe khothi lalikulu linathetsera tsankho la khungu m'masukulu, Brown v. Board of Education, "Board" ameneyo inali bodi ya sukulu ya ku Topeka, Kansas.

Ntchito yake, ndi zomwe sangachite

Yerekezani ndi komiti ya timu ya mpira. Komiti siyilowa mgalaundi, siyisankha woyamba kusewera Loweruka, koma imalemba kochi ntchito, imamuchotsa, imagwira chikwama cha ndalama. Kochi pano ndi superintendent, mkulu woyendetsa masukulu tsiku ndi tsiku, ndipo anthu odziwa za mabodi amakuuzani kuti chiganizo chachikulu kuposa zonse chomwe bodi imapanga ndi choti ilembe ndani pampando umenewu. Zina ndi kuvomereza bajeti, kuvomereza mgwirizano wa malipiro ndi mabungwe a aphunzitsi, kulemba malire oti ana a msewu uwu azipita sukulu iti, kutseka kapena kumanga sukulu, malamulo a chilango, komanso mabuku, ngakhale kuti zomwe ana ayenera kudziwa pa kalasi iliyonse zimachokera ku state.

Apa pali mfundo yomwe anthu ambiri amaiphonya. Membala payekha alibe mphamvu ina iliyonse. Sangalowe pasukulu n'kulamula hedi, sangachotse mphunzitsi, ali ndi voti imodzi basi, ndipo votiyo imagwira ntchito pokhapokha bodi itakhala pansi pamsonkhano wolengezedwa, chifukwa ma state onse ali ndi malamulo oti misonkhano yotere izichitika poyera. Ndiye mukawerenga kuti "mu nthawi yake ana okhoza mayeso anachuluka" kapena "iye anatseka sukulu zitatu", dziwani kuti pa anthu 7 panafunika anayi, ndipo mwina mwini wakeyo anavota mbali inayo. Mbiri yeniyeni ya munthu ili m'maminitsi a misonkhano, momwe amalemba kuti uje anavota inde, uje anakana, uje sanabwere. Ndi zotopetsa kuwerenga, zoona, koma ndi momwemo muli nkhani.

Za ndalama ndizidutsa mwachidule. Boma la feduro limapereka kagawo kochepa, cha m'ma 10 peresenti kapena kucheperapo, zotsalazo zimagawanika pakati pa state ndi dera, ndipo za kuderazo zambiri zimachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo. N'chifukwa chake agogo omwe alibe mwana pasukulu amakhala ndi chidwi ndi bodi, msonkho umawakhudza. Malipiro a membala amasiyana kwambiri: ku Texas, Pennsylvania ndi New Jersey salandira salale, pomwe ku Los Angeles mu 2017 anakweza malipiro kufika madola 125,000 pachaka kwa membala yemwe alibe ntchito ina.

Analowa bwanji: mavoti kapena kuikidwa

Mzere woyamba wa mbiri ya munthu ndi umenewu ndipo ndi wofunika kuuyang'anitsitsa. Mabodi ambiri ndi osankhidwa ndi anthu, koma m'mizinda ina ikuluikulu meya ndi yemwe amasankha. Boston yakhala choncho kuyambira 1992, New York City kuyambira 2002 nthawi ya meya Michael Bloomberg. Chicago ikupita mbali inayo, mu November 2024 anthu anavotera mamembala 10 kwa nthawi yoyamba, meya n'kuika ena 11, ndipo lamulo likuti pa chisankho cha 2026 mipando yonse 21 ikhale ya mavoti.

Palinso njira ina yachete. Membala akatula pansi udindo kapena kumwalira nthawi yake isanathe, malo ambiri anzake otsalawo ndi omwe amasankha wolowa m'malo, ku Florida amasankha ndi gavanala. Munthu ameneyu akamadzaima pa chisankho chotsatira amakhala kale "membala", dzina lake likudziwika, chithunzi chake chili kale pa tsamba la district. Zili ngati wothamanga yemwe wayambira pakati pa bwalo anzake akuyambira pamzere. Sikuti waba ayi, lamulo likumulola, koma powerenga mbiri yake ndi bwino kudziwa kuti chitseko choyamba anamutsegulira anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, osati masauzande.

Chitsanzo chodziwika ndi Jimmy Carter. Mu 1955 anaikidwa, osati kuvoteredwa, mu bodi ya maphunziro ya Sumter County ku Georgia, kenako anakhala wapampando wake. Zaka zimenezo masukulu a m'deralo anali adakali olekanitsa ana akuda ndi azungu ngakhale chigamulo cha 1954 chinali chitatuluka kale. Mu 1961 anakankha ganizo lophatikiza masukulu ena, anthu atavota analikana. Chaka chotsatira anaima pa mpando wa senate ya state, mu 1970 anawina ugavanala, mu 1976 upulezidenti. Mukangoona kambiri kake ka pa bodi, ndi munthu woikidwa yemwe ganizo lake lalikulu linagwa pa mavoti.

"Popanda opikisana naye" ndi tsiku la chisankho

Mawu awa amapezeka m'mbiri zambiri ndipo amasokoneza. Munthu kuwina popanda opikisana naye zitha kutanthauza kuti anthu ndi okhutira naye, zithanso kutanthauza kuti palibe yemwe anafuna ntchito ya misonkhano ya usiku, yopanda malipiro, yotukwanidwa pa Facebook. Ku Texas lamulo limalola kuti chisankho chingothetsedwa ngati palibe mpikisano, munthu n'kulengezedwa kuti wapambana popanda voti ngakhale imodzi kuponyedwa. Ndiye "anapambana katatu" nthawi zina ndi mpikisano umodzi ndi kudutsa kuwiri.

Kenako funsani kuti chisankhocho chinachitika mwezi wanji. Ichi ndi chomwe ine ndimachiona kuti n'chachikulu kwambiri ndipo sichikambidwa mokwanira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunali gulu la anthu ofuna kusintha zinthu omwe anatopa ndi mabwana a zipani m'mizinda, omwe ankagawa ntchito za uphunzitsi ngati mphoto kwa owatsatira. Mankhwala awo anali atatu: chotsani mayina a zipani pa pepala lovotera, chepetsani mabodi, ndipo ikani chisankho cha sukulu pa tsiku lakelake kutali ndi zisankho zikuluzikulu. Mpaka pano ku New York state amavota Lachiwiri lachitatu la May, ku Illinois mu April wa zaka zosagawika pawiri, ku Texas ma district ambiri mu May.

Zotsatira zake n'zakuti kumabwera anthu ochepa, nthawi zambiri osakwana ngakhale munthu mmodzi pa anthu khumi olembetsa. Pamenepo gulu lililonse lomwe lingatulutse anthu mazana angapo, kaya ndi bungwe la aphunzitsi, kaya ndi mpingo, kaya ndi gulu lodana ndi kukwera kwa msonkho, limatha kugamula zonse. Katswiri wina wa ndale, Sarah Anzia, anafufuza zimenezi ndipo anapeza kuti zisankho za tsiku lapadera zimapatsa mphamvu magulu omwe ndi okonzeka kale. New Jersey mu 2012 inalola ma district kusamutsa chisankho kuchoka April kupita November ndipo ambiri anasamukadi. California mu 2015 inapanga lamulo lokankhira zisankho za m'madera ku masiku a zisankho zazikulu. Koma mbali inayo nayo ili ndi mfundo yake: mu November ovota amachuluka inde, koma dzina la wa bodi limakhala pansi penipeni pa pepala lalitali, munthu wabwerera pulezidenti, ena amangochonga dzina lomwe lawakomera kapena kusiya osachonga. Ndiye 60 peresenti ya May ndi 60 peresenti ya November si nyama imodzi.

Mpando wa dera lonse kapena wa kachigawo

Pali ma district omwe aliyense amavotera mipando yonse, amati at-large, pali ena omwe anadulidwa m'zigawo ndipo chigawo chilichonse chimatumiza munthu wake. Taganizirani kalasi ya ana 30 yomwe ikusankha atsogoleri asanu: ngati onse avotera mipando yonse, gulu la ana 16 ogwirizana litha kutenga yonse isanu, 14 enawo osapeza kanthu. Izi n'zomwe zinkachitikira anthu akuda ndi a Latino m'madera ambiri, ndipo lamulo la ufulu wovota la 1965, makamaka litakonzedwanso mu 1982, linagwiritsidwa ntchito m'makhothi kukakamiza madera kusintha. California ili ndi lakelake lomwe linasainidwa mu 2002, ndipo lasunthitsa ma district ambiri kupita ku zigawo. Otsutsa amati membala wa kachigawo amangoganizira sukulu za kwawo osati district yonse. Pa mbiri ya munthu, tanthauzo lake ndi ili: wina amatha kuluza osati chifukwa anthu amutembenukira, koma malire ajambulidwanso ndipo wapezeka m'chigawo chimodzi ndi membala mnzake. Komanso pa chisankho cha "sankhani atatu mwa asanu ndi awiri", munthu wa 20 peresenti atha kukhala yemwe watsogola.

Zipani zilipo kapena palibe

Pa pepala, ma state ambiri salemba chipani pafupi ndi dzina. Ochepa monga Pennsylvania, Connecticut, Louisiana ndi Alabama zipani zimaonekera, ndipo ku Pennsylvania kuli kachitidwe kodabwitsa koti munthu mmodzi atha kuima pa chisankho chachipulula cha zipani zonse ziwiri nthawi imodzi, akawina konseko mu November amaoneka ngati wa Democrat ndi Republican pamodzi. Ku Florida mu November 2024 anthu anafunsidwa ngati akufuna kuti zisankhozi zikhale za zipani, pafupifupi 55 peresenti anati inde, koma pamafunika 60, ndiye zinakanika.

Kusalembedwa kwa chipani sikutanthauza kuti ndale palibe. Kuyambira 2020 nkhani za kutseka sukulu nthawi ya Covid, mamasiki, mabuku a mu laibulale, kaphunzitsidwe ka mbiri ya tsankho ndi nkhani za jenda zinasandutsa misonkhano yogonetsa tulo ija kukhala bwalo la nkhondo. Bungwe la Moms for Liberty, gulu la makolo otsutsa malamulo a Covid m'masukulu komanso mabuku ndi maphunziro ena, linayambika ku Florida mu January 2021, ndipo awiri mwa oliyambitsa, Tina Descovich ndi Tiffany Justice, anali atangochoka kumene m'mabodi a sukulu. Descovich anali ataluza mpando wake wa ku Brevard County mu August 2020 kwa Jennifer Jenkins. Onani mmene kambiri kangakusocheretseni apa, mzere womaliza ukuti "analuza", pomwe mphamvu zake pa ndale za maphunziro zinakula kwambiri atachoka pampandopo. Kumbali inayo mabungwe a aphunzitsi akhala akuthandiza anthu awo ndi ndalama komanso oyenda khomo ndi khomo kwa zaka zambirimbiri. Ndiye pomwe chipani sichinalembedwe, yang'anani mndandanda wa omwe anamuvomereza ndi omwe anapereka ndalama za kampeni, umakuuzani zambiri.

Kuchotsedwa nthawi isanakwane

Recall ndi njira yoti ovota asaine mayina okwanira n'kuitanitsa voti yochotsa munthu asanamalize nthawi yake. Si ma state onse omwe amalola, ena amafuna pakhale mlandu weniweni, ndipo zoyesera zambiri zimafera pa kusaina pomwepo. Yomwe inamveka kwambiri ndi ya ku San Francisco mu February 2022, pomwe Alison Collins, Gabriela López ndi Faauuga Moliga anachotsedwa, ndi mavoti pakati pa 69 ndi 76 peresenti. Okwiya ankati bodi ikutaya nthawi ndi kusintha mayina a sukulu 44 ana ali pakhomo osaphunzira, komanso panali mkangano wa kalowedwe ka ku Lowell High School. Oikira kumbuyo atatuwo ankati kampeniyo inali ndi ndalama zambiri za anthu olemera ndipo chisankho chanthawi zonse chinali pafupi kale. Meya London Breed anaika atatu olowa m'malo, ndipo mu November chaka chomwecho awiri anawina, mmodzi, Ann Hsu, analuza.

Ovota amathanso kusesa bodi pa chisankho wamba. Ku Dover, Pennsylvania, bodi inalamula mu 2004 kuti ana a sayansi aziwerengeredwa chiganizo chokhudza intelligent design, ganizo loti zamoyo zinachita kupangidwa ndi winawake wanzeru osati kungosinthika pazokha, makolo ena anakasuma, ndipo mu November 2005 mamembala 8 omwe anaima onse anagwa. Mwezi wotsatira jaji John E. Jones III anagamula kuti lamulo la bodilo linaphwanya malamulo a dziko, district n'kulipira madola opitirira pang'ono 1 miliyoni a maloya. Palinso kuchotsedwa kochokera kumwamba: mu June 2023 state ya Texas inalanda ulamuliro wa masukulu a ku Houston, inaika bodi yakeyake ndi superintendent Mike Miles, mamembala osankhidwa aja n'kutsala ndi mayina chabe opanda mphamvu yovota.

Kodi ndi makwerero opita kumwamba?

Kwa ena inde. Patty Murray anali mphunzitsi wa ana a mkaka, anakhala mu bodi ya Shoreline ku state ya Washington kuyambira 1985 mpaka 1989, anapita ku senate ya state, mu 1992 anawina mpando wa Senate ya dziko lonse, ndipo mu 2023 anakhala mayi woyamba kukhala president pro tempore wa nyumbayo, yemwe amaitsogolera wachiwiri kwa pulezidenti wa dziko akakhala palibe. Koma a Murray ndi a Carter ndi ochepa pa anthu 90,000 aja. Ambiri amatumikira nthawi imodzi kapena ziwiri n'kubwerera ku ntchito zawo, ndipo "sanaimenso" nthawi zambiri zimangotanthauza kuti mwana wake womaliza wamaliza sukulu. Ku Florida zithanso kutanthauza lamulo, popeza mu 2022 anaika malire a zaka 12 ndipo mu 2023 anazitsitsa kufika 8.

Zomwe anthu sanagwirizanebe

Funso loyamba ndi loti kodi ovota amalanga kapena kuyamikira mamembala potengera mmene ana akuphunzirira, kapena amangotsatira mkangano womwe watentha chaka chimenecho? Ngati ndi chachiwiricho ndiye kuti kuwina mobwerezabwereza sikukutiuza zambiri za ubwino wa sukulu. Lina ndi loti ovota ayenera kukhala ndani, poti m'madera ambiri omwe amabwera kudzavota ndi achikulire opanda ana pasukulu, pomwe makolo ena alibe ufulu wovota. San Francisco inalola makolo omwe si nzika kuvota pa zisankho za bodi kuyambira 2018, ku Oakland ndi Berkeley a zaka 16 ndi 17 anayamba kuvota mu 2024, ku Newark mu 2025, ndipo ena akuti izi n'zachilungamo pomwe ena akuti voti ndi ya nzika zachikulire basi.

Nanga kulemba chipani pa pepala kungathandize wovota yemwe sakudziwa aliyense, kapena kungamalize kulowetsa mikangano ya ku likulu la dziko, Washington DC, m'kalasi? Kulipira mamembala kungabweretse makolo osauka omwe sangakwanitse kugwira ntchito yaulere, kapena kungakope ofuna salale? Ndipo pa nkhani ya meya kapena state kutenga ulamuliro, Chicago ikubwezera mphamvu kwa ovota pomwe ku Houston state inawalanda mu 2023, mizinda iwiri ikuluikulu ikuyenda mosemphana, ndipo pofika 2027 Chicago idzakhala ndi bodi ya anthu 21 osankhidwa, kuwirikiza katatu ya Los Angeles ya anthu 7, funso n'kukhala loti kodi gulu lalikulu choncho lidzatha kugwirizana pa superintendent mmodzi ndi bajeti imodzi.